Pathupi ndi chibaba cha mankhwala: zimene Khombedza ali nazo ndi zimene akusowa

Tsiku la sikelo pachipatala chaching'ono cha Khombedza, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, limayenda monga limayendera m'dziko lonse. Mayi woyembekezera amakwera pasikelo, amayezedwa kuthamanga kwa magazi, HIV ndi chindoko, amalandira mapiritsi owonjezera magazi, fansida ndi neti. Zonsezi zimalowa m'kabuku kake. Koma pali funso limodzi lovuta kufunsa ndiponso lovuta kuyankha pamzere wodzaza ndi anansi: kodi pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, oti mukawasowa thupi limakana kugwira ntchito?

Mankhwala amene akunenedwa pano ndi a m'gulu la opioid: morphine, pethidine, tramadol, codeine wopezeka m'mankhwala ena a chifuwa, komanso heroin. Anthu a ku Salima amaidziwa nkhope yabwino ya mankhwalawa. Kuchokera mu 2007, malo a Ndi Moyo amene anakhazikitsa namwino Lucy Finch akhala akuthandiza odwala khansa ndi matenda ena osachiritsika kuti asamabuule usiku wonse, ndipo morphine wakumwa ndiye chida chachikulu pantchito yotere. Mayi amene wachitidwa opaleshoni pobereka amathokozanso jakisoni wa pethidine.

Nkhope inayo imabwera ndi misewu. Achinyamata opita ku Joni kukasaka ganyu amakakumana ndi nyaope, heroin wosakaniza amene amasutira pamodzi ndi chamba m'makomboni a Johannesburg ndi Pretoria. Ku Harare ndi ku Bulawayo kuli bronco, mankhwala a chifuwa a Broncleer amene anthu amamwa ngati chakumwa. Ku Nigeria vuto la codeine linakula mpaka mu 2018 boma linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine. Heroin wochokera ku Afghanistan amatsikira m'magombe a kumpoto kwa Mozambique n'kuyenda pamtunda kulowera kumwera. Dziko lozunguliridwa ndi njira zoterezi silingadziwerenge lotetezeka. Palinso njira yapafupi kwambiri: mayi amene anayamba tramadol chifukwa cha msana wophwanyika ndi ntchito ya m'dimba la mpunga kapena kusenza madengu a usipa, n'kupeza kuti piritsi limodzi silikukwananso.

Mayi wotere akaima, banja la kuno limachita zimene limadziwa. Apongozi, azakhali ndi ankhoswe amakhala pansi, abusa kapena ashehe amaitanidwa, ndipo chigamulo chimakhala chimodzi: asiye lero lomwe. Mapiritsi amatayidwa m'chimbudzi. Cholinga chake n'chachikondi, ndipo kukanakhala kuti ndi fodya, malangizowo akanakhala oona. Koma thupi lozolowera opioid likamanidwa mwadzidzidzi limadwala kwenikweni. Pakangopita maola ochepa kapena tsiku, munthu amayamba kuyasamula, kutuluka thukuta ndi tsemwe, kuphwanya mafupa, kusanza ndi kutsegula m'mimba, tulo osabwera. Chiberekero nachonso chimatha kuyamba kukokana. Pathupi paling'ono pakhoza kupita padera, pathupi pokhwima matenda akhoza kuyamba masiku asanakwane, ndipo mwana m'mimbamo amavutika pamodzi ndi mayi wake.

Choopsa china chimabwera pambuyo. Ambiri amene asiya motere amayambiranso, chifukwa chibaba chake si nkhani ya kulimba mtima kokha. Akayambiranso amamwa mlingo wakale, pomwe thupi layiwala kuupirira, ndipo mpweya umatha kuima. Apa moyo wa anthu awiri umatayika nthawi imodzi.

N'chifukwa chake mu 2014 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti mayi woyembekezera wozolowera opioid alimbikitsidwe kulandira methadone kapena buprenorphine kuchipatala, m'malo momusiyitsa. Awanso ndi ma opioid, koma amagwira ntchito pang'onopang'ono kwa tsiku lonse, kotero mayi saledzera, sadwala ndi chibaba, amadya, amagona, amabwera kusikelo. Njira ya methadone inayambira ku New York, kumene Vincent Dole ndi Marie Nyswander anafalitsa zotsatira zawo mu 1965, ndipo kuchokera mu 2005 mankhwala awiriwa ali pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Kafukufuku wotchedwa MOTHER, amene anatsogolera Hendrée Jones ndipo anatuluka mu 2010, anawayerekeza awiriwa. Ana a amayi olandira buprenorphine anakhala m'chipatala masiku 10, pomwe a methadone anakhala masiku 17 ndi theka. Koma amayi ambiri a buprenorphine anasiyira chithandizo panjira kuposa a methadone. Madokotala anatengapo phunziro lakuti onse awiri ndi othandiza, ndipo woyenera ndi amene mayiyo angakhale naye mpaka kuchira.

Wina anganene kuti izi n'za mayiko olemera. Tanzania inatsutsa maganizo amenewo mu February 2011 pamene inatsegula kiliniki ya methadone pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam. Kenya inatsatira mu 2014 pachipatala cha Mathari ku Nairobi. Zimene anansiwa anakumana nazo n'zophunzitsa kuposa za ku America. Choyamba, ku Muhimbili amuna anadzaza mizere, koma amayi anali ochepa kwambiri, chifukwa mkazi wosuta heroin amasalidwa kawiri ndipo amabisala. Chachiwiri, methadone poyamba amamwera pamaso pa namwino tsiku lililonse. Mumzinda wa ma minibasi ambiri ngati Dar es Salaam zimatheka. Kwa mayi wa miyezi isanu ndi itatu wa m'mudzi wa kwa Khombedza, wofunika kulipira kabaza popita ndi pobwera, nthawi ya dzinja misewu itasanduka matope, dongosolo lotere lingamugonjetse sabata yoyamba. Malawi, amene sanatsegule makiliniki onga a ku Dar es Salaam, ali ndi mwayi woyamba ataona kale pamene anzake anapunthwa.

Pali phunziro linanso la zimene siziyenera kutengeredwa. Mu 2014 boma la Tennessee ku America linakhazikitsa lamulo lozenga mlandu mayi amene mwana wake wabadwa atakhudzidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Madokotala anadandaula kuti amayi ayamba kuthawa sikelo, ena kukachirira kutali, ndipo mu 2016 lamulolo linasiyidwa kuti lithe. Kuno mafumu ambiri anaika malamulo a m'mudzi olipiritsa mbuzi kapena nkhuku mayi wochirira pakhomo, makamaka pamene nkhani ya uchembere wabwino inakula mu 2012. Chindapusa chimenecho chimakankhira mayi kuchipatala. Chindapusa cha mapiritsi chingachite zosiyana: chingamutseke pakamwa pamaso pa namwino yekhayo amene akanamuthandiza.

Pamene Malawi ali patsogolo ndi pa mwana akangobadwa, ndipo apa m'pofunika kuima pang'ono.

Mwana amene wakhala miyezi yonse akulandira opioid kudzera m'nsengwa amasowa mankhwalawo mchombo ukangodulidwa. Amalira mokuwa kosatonthozeka, amanjenjemera, amayetsemula ndi kuyasamula pafupipafupi, thupi limauma gwa, amafuna bere koma osayamwa bwino, amatsegula m'mimba, ndipo ena amakomoka. Mu 1975 dokotala Loretta Finnegan wa ku Philadelphia anakonza ndondomeko yowerengera zizindikirozi, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi anayi zipatala za ku America zinkatenga ana otere kupita nawo kuchipinda cha ana odwalitsitsa. Kumeneko ankagona m'timabokosi pansi pa magetsi owala, pakati pa makina olira, kutali ndi mayi, n'kumapatsidwa morphine kwa milungu. Vutoli linakula pamodzi ndi mliri wa mapiritsi onga OxyContin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1996.

Kenako ena anayamba kukayika. Ku Vancouver ku Canada, chipinda cha Fir Square chimene chinatsegulidwa mu 2003 chinayamba kusunga mayi ndi mwana pamodzi, ndipo ana ofuna mankhwala anachepa. Ku Yale New Haven, dokotala Matthew Grossman ndi anzake anasiya kuwerenga kuyetsemula kulikonse n'kumafunsa zinthu zitatu zokha: kodi mwana akuyamwa, akugona, akutonthozeka akanyamulidwa? Anazimitsa magetsi, anabweza mwana pachifuwa cha mayi wake, ndipo masiku okhala m'chipatala anatsika kuchoka pa 22 kufika pa 6. Mu 2023 kafukufuku wa m'zipatala 26 za ku America anatsimikiza kuti ana osamalidwa motere amakhala okonzeka kutuluka pafupifupi sabata yathunthu msanga kuposa anzawo.

Azimayi a kwa Khombedza akamva zimenezi angadabwe kuti panafunika kafukufuku. Kuno mwana sagona chipinda chakechake. Amayamwa akangofuna, usana ndi usiku. Mwambo wa chikuta umasunga mayi ndi khanda m'nyumba mwakachetechete, alendo ochepa, mpaka mchombo utagwa. Kuchipatala mayi sabwera yekha: pamakhala mayi ake, apongozi kapena mkulu wake, wogona pansi pambali pa bedi, wophika phala kukhitchini ya odikirira odwala, wokonzeka kulandira mwana mayi akatopa. Zipatala za ku America zimachita kufunafuna anthu odzipereka oti azinyamula makanda olira, pomwe kuno manja amabwera okha. Ndiponso njira ya kangaru, yomangirira mwana pachifuwa khungu kukhudza khungu, imene inayambira ku Bogotá mu 1978 n'kufika pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, anamwino athu amaidziwa bwino chifukwa cha kuchuluka kwa ana obadwa masiku asanakwane.

Koma mphamvu imeneyi ili ndi mpata woopsa. Mayi wochira bwinobwino nthawi zambiri amatuluka pakatha tsiku limodzi, pomwe zizindikiro za mwana zimatha kuyamba tsiku lachiwiri, lachitatu, ngakhale lachisanu. Zikayambira kumudzi, agogo amaganizira za m'mimba, za liwombo kapena mwambo wina umene sunasungidwe, ndipo mwana amamwetsedwa mankhwala azitsamba. Akabwerera kuchipatala, namwino amaganiza za matenda a m'magazi kapena kuchepa kwa shuga, ndipo akulondola kutero chifukwa zizindikiro zake n'zofanana ndipo matendawo amapha msanga. Koma ngati sakudziwa zimene mayi ankamwa, gawo lina la vuto limabisika. Mayiko amene anazolowera nkhaniyi amasunga mwana wotere m'chipatala masiku anayi mpaka asanu ndi awiri, ndipo wolephera kuyamwa ndi kugona amamupatsa timadontho ta morphine toyezedwa ndi kulemera kwake, n'kumachepetsa pang'onopang'ono. Morphine wakumwa alipo kale m'dziko muno chifukwa cha ntchito yothandiza odwala khansa.

Kudziwa zoona kumasinthanso zisankho zina za m'chipinda chochirira. Jakisoni wa naloxone amadzutsa munthu wamkulu amene mpweya waima ndi opioid, ndipo mayi woyembekezera amene wamwa mopitirira ayenera kubayidwa mosazengereza. Koma kwa khanda la mayi wozolowera mankhwalawa, jakisoni yemweyo akhoza kuyambitsa kukomoka, kotero namwino amalithandiza kupuma ndi kachikwama kopopera mpweya. Mayi wokhazikika pa methadone kapena buprenorphine amalimbikitsidwa kuyamwitsa, pomwe codeine ndi tramadol salangizidwa kwa woyamwitsa chifukwa mwa amayi ena amalowa mumkaka mwamphamvu. Mankhwala a TB a rifampicin ndi ma ARV akale monga efavirenz amachepetsa mphamvu ya methadone m'magazi, pomwe dolutegravir, amene Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, alibe vuto lalikulu lotere.

Dziko lino linasonyezapo kale kuti limatha kutenga chithandizo chooneka ngati cha madokotala akuluakulu n'kuchifikitsa m'manja mwa namwino wa kumudzi. Mu 2011 Malawi anakhala woyamba padziko lonse kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, ndipo WHO inadzatsatira pambuyo. Zinatheka chifukwa mankhwalawo anaikidwa pasikelo pomwepo, ndipo kachipinda koyezera magazi kanakhala malo amene mayi angaulule chinsinsi chitseko chili chotseka.

Kachipinda komweko n'koyenera funso la mapiritsi. Pofunika kuti bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi Unduna wa Zaumoyo atsegule njira ya methadone ndi buprenorphine, kuyambira pazipatala monga cha boma ku Salima ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti mayi wotumizidwa kuchokera kwa Khombedza akapeze chithandizo chenicheni. Pofunika kuti nyumba zachidikiro zilandire mayi wotere msanga, akhale pafupi ndi mankhwala ake m'milungu yomaliza. Alangizi a zaumoyo amene amayendera makanda m'midzi adziwe kulira kwa mtundu umenewu. Ndipo pamene zonsezi zikudikiridwa, banja limene lapeza mapiritsi a tramadol m'chikwama cha mpongozi wawo woyembekezera liwanyamule pamodzi ndi mwini wake kupita kwa namwino tsiku lomwelo, kuti dokotala ndiye akonze za mlingo wake, ndipo mwana akabadwa asungidwe m'chipatala masiku okwanira.