Chifukwa Chake Umphawi Suchoka Pakhomo

Anthu ambiri akafunsidwa chimene chimabala umphawi amayankha msanga kuti ndi ulesi. Ena amatchula mowa, ndipo ena, makamaka ponena za mnzawo, amati ndi chilango cha Mulungu. Sindikana kuti ulesi ndi mowa zimagwetsa mabanja, pakuti buku la Miyambo lomwe limadzudzula waulesi kawirikawiri. Koma anzanga, ambiri a ife tichokera kumidzi kumene amayi amadzuka tambala woyamba nalima kufikira dzuwa lifika paliwombo, koma nkhokwe yawo imatha Khirisimasi isanafike. Kodi amenewa tiwatche aulesi? Iyayi.

Tiyeni tione mmene chaka cha munthu wosauka chimayendera, pakuti chinsinsi chagona pamenepo. Mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala. Januwale ndi Febuluwale ndiyo nthawi yopalira ndi kubandira, ndiyonso nthawi imene ufa umasowa m'nyumba. Munthu sangathe kupalira ndi njala ana ali kulira. Tsono amatenga khasu napita kukagwira ganyu kwa mnzake wopeza bwino, kuti alandire kambale ka chimanga kapena madeya. Pamene ali kupalira kwa eni, udzu uli kukula m'munda mwake. Pobwerera apeza mmera wake wafooka kale, ndipo feteleza alibe. Pokolola angopeza matumba owerengeka. Motero chaka chamawa njala idzafika msanga koposa, ndipo iye adzapitanso kuganyu msanga koposa.

Pamwamba pa izi pali katapila. Mvula imabwera ndi udzudzu, mwana adwala malungo, ndipo bambo akongola ndalama kuti adzabweze zochuluka atakolola. Kuti abweze, agulitsa chimanga chake mu Meyi kapena Juni, pamene aliyense ali nacho ndipo mtengo uli pansi. Mu Januwale adzagula chimanga chonga chomwecho pamtengo wokwera. Aphunzitsi athu a masamu angavomereze kuti munthu wogulitsa motchipa nagula modula chaka ndi chaka sangalemere, ngakhale atakhala wakhama chotani.

Kwina mavuto anayamba ndi malo. Ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu azungu anatenga malo aakulu zaka za m'ma 1800 zili kutha, ndipo anthu okhala pamalowo anayenera kugwira thangata m'malo mwa lendi. Ichi chinali chimodzi cha zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe anaukira mu 1915. Thangata linatha, koma minda ya tiyi ikalipo, anthu achuluka, ndipo kamunda kamene agogo analima okha lero kagawidwa kwa adzukulu. Chilala kapena madzi zikafika, monga njala ya 1949, ya 2002, kapena namondwe Freddy mu 2023, zimagwera onse mofanana, koma onse sadzuka mofanana. Wopeza bwino agulitsa mbuzi. Wosauka abwereketsa munda.

Nanga Mawu a Mulungu ati bwanji? Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti malamulo a Mose onena za umphawi salankhula kwenikweni kwa wosauka, koma kwa iye amene ali nazo. Pa Levitiko 19 mwini munda analetsedwa kukolola kufikira m'mphepete, kuti osauka ndi alendo akunkhe. Rute anapulumuka ndi khunkha lotere m'munda wa Boazi. Pa Eksodo 22 kutenga chiwongoladzanja kwa mbale wosauka kunaletsedwa. Pa Deuteronomo 15 ngongole zinayenera kukhululukidwa chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, ndipo pa Levitiko 25 munda wogulitsidwa unayenera kubwerera ku banja lake pa chaka cha 50. Onsewa ndi malamulo odula chingwe, kuti tsoka la chaka chimodzi lisasanduke cholowa cha ana. Pa Nehemiya 5 timva za anthu amene anapinyolitsa minda yawo chifukwa cha njala, ena nakongola ndalama za msonkho wa mfumu. Nehemiya sanawatche aulesi. Anakalipira akuluakulu okongozawo pamsonkhano, ndipo iwo analonjeza kubweza mindayo.

Alipo ena amene amathawira ku mawu a Yesu a pa Yohane 12, onena kuti osauka sadzatha, ngati kuti Ambuye anatipatsa chilolezo chopinda manja. Koma mawuwo achokera pa Deuteronomo 15 pomwe paja, pamene kusatha kwa osauka ndiko chifukwa cholamulira anthu kupatsa mowolowa manja.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wokongoza katapila ndi wokongola wake nthawi zina amakhala pa benchi limodzi tsiku la Mulungu, naimba nyimbo imodzi. Mipingo yathu imakumbukira amasiye pa Khirisimasi ndi sopo ndi shuga, ndipo n'zabwino ndithu. Koma ine ndiganiza kuti mpingo ukadasunga gawo la chimanga cha masika m'nkhokwe yake, bwenzi ukuthandiza koposa. Thumba limodzi lobwereketsa mu Januwale, lodzabwezedwa limodzi lomwelo mu Juni, lingasunge munthu m'munda mwake masabata onse a kupalira.