Frank George, Mmisiri Amene Anamanga Chalichi ca pa Likoma

Ambiri a inu mudziwa Mishoni ya Anglican ya ku Matope, pa mtsinje wa Shire. Lero tikambe za munthu mmodzi wa Mishoni yomweyo, dzina lace Frank George.

Munthuyu anacokera ku England, kumene anaphunzira nchito yolemba mapulani a nyumba. Mmisiri wotere ayamba waiona nyumba yonse papepala, nayesa kulemera kwa denga ndi kukula kwa zipupa, khasu lisanakhudze pansi. Pofika kuno sanali wansembe ai. Unsembe anaulandira pambuyo pace.

Nchito yace yaikuru ndi Chalichi ca Petro Woyera pa cilumba ca Likoma. Malo amene cinamangidwapo achedwa Cipyela, cifukwa kale pamenepo ankaochapo anthu oganiziridwa ufiti. Bishopu Trower anaika mwala wa maziko m'caka ca 1903, ndipo m'caka ca 1905 anthu anayamba kupempheramo. Mwambo wocipatula unacitika m'caka ca 1911, nchito itatha.

Tsono taganizani bvuto lace. Likoma ndi cilumba ca miyala, cosowa mitengo yaikuru. Miyala anaiphwanya pompo, koma mitengo ya denga inacita kuoloka nyanja kucokera kumtunda. Inu amene munamangapo sukulu pamudzi mudziwa kuwawa kwace kwa kututa njerwa ndi mcenga pamutu kucokera kudambo. Nanga kuolotsa mitengo pamadzi?

Cina cimene mafumu ayenera kucimvetsa ndi ici. Bambo George sanadze ndi gulu la amisiri a kwao. Anatenga anyamata a pacilumba pomwepo, nawaphunzitsa kusema miyala, kuyesa cipupa ndi cingwe, ndi kupala matabwa. Manja amene anakweza zipupa zija ndi a anthu a m'dziko muno, ngakhale maina ao sachulidwa kawirikawiri. Mfumu yolemba mmisiri wocokera kutali ku nchito ya mlatho kapena sukulu ingacite bwino kupangana naye poyamba kuti aziyenda ndi anyamata awiri atatu a pamudzi, aziona ndi kugwira naye.

Chalichico anacimanga ngati mtanda, ndipo m'litali mwace cipitirira mapazi 300. Mkati mwace muli mtanda wosemedwa ndi mtengo wa kwa Citambo, umene patsinde pace anakwirirapo mtima wa David Livingstone m'caka ca 1873. Akristu a pa Likoma apempheramo kufikira lero lino.