MWANA WANU WAMKAZI AKALOWA USILIKALI, ADZAMTETEZA NDANI?

Inu anthu a ku Mughese, ndi nonse okhala m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, usilikali si chinthu chachilendo kwa inu. Munamva za Keyala, ndi za nkhondo imene inamenyedwa pa Karonga mu September 1914. Masiku amenewo msilikali anali mwamuna basi. Koma kuyambira m'chaka cha 1999 gulu lankhondo la Malawi limalembanso akazi. Tsono mtsikana amene lero akukuthandizani kutchola khofi, mawa akhoza kupita kukaphunzira usilikali ku Salima, natumizidwa ku Moyale ku Mzuzu kapena ku Chilumba. Ndi chifukwa chake nkhani iyi ndi yanu.

VUTO LAGONA PATI?

Msilikali amaphunzitsidwa kumvera wamkulu wake osafunsa. Pankhondo mwambo umenewu ndi wabwino, chifukwa umapulumutsa miyoyo. Koma taganizani: wamkulu yemweyo ndiye amene amagawa ntchito, amapereka tchuthi, ndipo mawu ake amamveka pokweza munthu paudindo. Nanga akayamba kumvuta mtsikana ndi mawu achipongwe, kumgwiragwira, kapena kumuuza kuti sakwezedwa akapanda kugona naye, mtsikanayo akadandaula kwa yani? Ngati dandaulo liyenera kudutsa kwa wolakwa yemweyo, mlandu umafera panjira. Anzake nawo amakhala chete poopa kutchedwa akazitape. Vuto limeneli lapezeka m'magulu ankhondo a maiko ambiri, olemera ndi osauka omwe.

AKUNJA ANACHITAPO CHIYANI?

M'chaka cha 2003 Kofi Annan, amene anali Mlembi Wamkulu wa United Nations, anaika lamulo loletsa antchito a bungweli kugona ndi mwana wosakwana zaka 18, ndi kupereka ndalama, chakudya kapena ntchito pofuna chigololo. Mu 2016 bungweli linagwirizananso kuti gulu la asilikali osungitsa mtendere limene lapezeka ndi khalidwe lotere mofala libwezedwe kwawo. Malamulo amenewa amakhudzanso asilikali athu amene anapita ku Congo mu 2013 pamodzi ndi a Tanzania ndi South Africa.

Ku America, msilikali wamkazi dzina lake Vanessa Guillén anaphedwa mu 2020 pa kampu ya Fort Hood, atauza abale ake kuti akuvutitsidwa. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo mu 2021 aphungu anasintha lamulo. Mphamvu yoganiza ngati mlandu wogwirira munthu upite kubwalo inachotsedwa m'manja mwa wolamulira gulu, nipatsidwa kwa oimira milandu apadera. Phunziro lake ndi ili: fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi.

NANGA KUNO KWATHU?

Lamulo lilipo. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act. Lamuloli likuti kuvutitsa munthu ndi mawu kapena machitidwe achiwerewere amene iye sakuwafuna ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka 5 m'ndende. Wogwirira mkazi akhoza kukhala m'ndende moyo wake wonse. Lamulo silinapatule wovala yunifomu.

Kumbukirani za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe. Mu October 2019 amayi ndi atsikana kumeneko anadandaula kuti anagwiriridwa ndi apolisi. Sanakhale chete. Mu August 2020 Bwalo Lalikulu, woweruza ali Kenyatta Nyirenda, linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Awa anali amayi a kumudzi monga inu, koma mawu awo anamveka.

MBALI YANU NDI ITI?

Khalidwe la kukampu limayambira pakhomo. Mnyamata amene anakula akuona mlongo wake akunyozedwa popanda womdzudzula, sadzasintha chifukwa wavala jombo. Abambo, langizani ana anu aamuna kuti mkazi amene ali nawo pamzere ndi msilikali mnzawo, wolumbira lumbiro lomwelo.

Amayi, mwana wanu akabwera patchuthi wopanda chimwemwe, khalani naye pansi. Akakuuzani zimene zamchitikira, musamfunse kuti anavala chiyani, ndipo musamuuze kuti apirire poopa kutaya malipiro. Manyazi ndi a wolakwa.

Munthu akagwiriridwa, kaya wamgwirira ndi msilikali, wapolisi, mphunzitsi kapena mbale, apite kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Apitenso kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit. Akapanda kuthandizidwa, bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo.

Mafumu ndi nduna zanu, mlandu wotere si wothera pabwalo la m'mudzi ndi mbuzi kapena nkhuku. Uperekeni kwa a Boma.

Asilikali ambiri ndi anthu aulemu, ndipo iwonso amapwetekedwa mnzawo mmodzi akaipitsa dzina la gulu. Musaletse mwana wanu wamkazi kutumikira dziko lake. Koma atsike phiri akudziwa lamulo, akudziwanso kuti kwawo ku Mughese kuli makolo amene adzamkhulupirira akadzalankhula. Chetechete sautsa nyama.