Kodi Mumagulitsa Chiyani, Nanga kwa Yani? Phunziro la Mtedza wa ku Mchinji

Munthu akachoka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kuzambwe pa mseu wa M12, amayenda makilomita oposa 100 asanafike pa boma la Mchinji, lomwe m'nthawi ya Atsamunda linkatchedwa Fort Manning. Kupitirira pang'ono amapeza chipata cha dziko lino ndi dziko la Zambia, chimene kutsidya amachitcha Mwami, ndipo kutsogoloko kuli mzinda wa Chipata. M'miyezi yokolola, pa malo a malonda monga Kamwendo pamakhala matumba a mtedza, masikelo ndi anthu ogula ndi ogulitsa osawerengeka.

Mwina ena mwa inu awerengi athu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota mukufunsa kuti, nanga ife anthu a usipa ndi mpunga, za mtedza zikutikhudza bwanji? Dekhani. Mtedza wa ku Mchinji uli ndi phunziro kwa aliyense amene amadyetsa banja lake ndi kabizinesi kakang'ono.

Msika umene unatayika

Kufikira m'zaka za m'ma 1980, mtedza wa dziko lino, makamaka wa mtundu wa Chalimbana womwe maso ake ndi akuluakulu, unkagulidwa kwambiri ku Ulaya kudzera ku bungwe la ADMARC. Koma pambuyo pake msikawo unalowa pansi. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku. Mtedza ukauma mosakwanira, kapena ukasungidwa pa chinyontho, umachita nkhungu yomwe imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo akhoza kuyambitsa khansa. Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo, kotero kuti mtedza umene kale unkalandiridwa ndi manja awiri unayamba kukanidwa.

Mlimi wa ku Mchinji akanafunsidwa nthawi imeneyo kuti amagulitsa chiyani, yankho likanakhala lakuti, "Ndimagulitsa mtedza." Zoona ndithu, koma mtedza amagulitsa ndi aliyense. Yankho lotere silimuuza wogula chifukwa choti aimire pa thumba lanu, osati la mnzanu.

Anamvera ogula

Alimi ena a m'bomali anagwirizana mu bungwe la Mchinji Area Smallholder Farmers' Association, mwachidule MASFA, lomwe ndi nthambi ya NASFAM. Mothandizana ndi bungwe la ku Britain lotchedwa Twin, iwo anamva zimene ogula a kunja ankadandaula nazo. Ogulawo sankafuna mtedza wambiri chabe ayi. Ankafuna mtedza wosankhidwa bwino, woyezedwa kuti ulibe chuku, komanso wodziwika kumene wachokera.

Mawu amenewa sanali okoma kuwamva, chifukwa ankakhudza zizolowezi za makolo. Mwachitsanzo, anthu ambiri amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, koma madziwo ndi amene amaitana nkhungu. Alimi anayenera kusiya zimenezi, kuumitsa mtedza mokwanira, ndi kuchotsa njere zofota, zosweka ndi zowola. Ntchito inachuluka, ndipo thumba linkachedwa kudzaza.

Koma phindu lake linaoneka. M'chaka cha 2004 bungwe la MASFA linalandira chiphaso cha Fairtrade, ndipo mtedza wa ku Mchinji unayamba kupezeka m'masitolo a ku Britain. M'chaka cha 2007, pamene kampani ya Liberation Foods inakhazikitsidwa, alimi a MASFA anali m'gulu la eni ake pamodzi ndi alimi ena a ku Africa, Asia ndi Latin America. Tikati tifupikitse m'mawu athu, yankho lawo linasintha kuchoka pa "timagulitsa mtedza" kufika pa "timagulitsa mtedza wosankhidwa ndi woyezedwa, wa alimi ang'onoang'ono, kwa ogula ofuna chakudya chosavulaza thupi." Mawu atsopanowa sanawapeze pa msonkhano wa okhaokha. Anawapeza pomvera anthu amene ankakana katundu wawo.

Pusi anagwa chagada

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Vuto la mabizinesi athu ambiri ndi lomweli. Munthu ali ndi mpamba wochepa, koma pa benchi pake pali sopo pang'ono, tomato pang'ono, kaunjika pang'ono ndi nsomba pang'ono. Palibe chimene anthu amamudziwa nacho, ndipo tsiku limene sanabwere pa msika palibe amene amamufunafuna.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Nkhotakota amene amapita ndi usipa ku Mchinji, boma lomwe lili kutali ndi nyanja. Iye akuti amagulitsa "nsomba zabwino zotsika mtengo." Mawuwa amanena ndi wogulitsa aliyense. Koma atafunsa amayi amene amabwereza kugula kwa iye, mwina angamuuze kuti chimene amabwererako ndi chakuti usipa wake ulibe mchenga, chifukwa anauyanika pa thandala. Mwinanso angazindikire kuti ambiri mwa iwo ndi ophika m'malo odyera, amene alibe nthawi yosankha usipa umodziumodzi. Pamenepo mawu ake akhoza kukhala akuti, "Usipa wopanda mchenga, wa pa thandala, kwa ophika m'malesitilanti, Lachisanu lililonse." Wakumva mawu otere amadziwa nthawi yomweyo ngati akumukhudza kapena ayi.

Mmene mungachitire

Choyamba, khalani pansi ndi a m'banja mwanu ndipo muyankhe mafunso atatu: tikugulitsa chiyani, tikugulitsa kwa yani, nanga n'chiyani chikutisiyanitsa ndi anzathu? Mayankhowo muwalumikize akhale chiganizo chimodzi choti mwana wa sukulu akhoza kuchiloweza.

Chachiwiri, kachiyeseni kwa anthu. Paja safunsa anadya phula. Koma samalani ndi amene mukuwafunsa. Achibale amakukondani, ndipo adzakuuzani kuti zonse zili bwino. Funsani makasitomala amene amabwerabwera, funsaninso amene anasiya kubwera, pakuti iwowa ndi amene ali ndi mawu owawa koma ochiritsa. Musafunse kuti, "Kodi mawuwa ndi abwino?" Koma muwauze kamodzi, kenaka muwapemphe kuti abwereze m'mene amvera. Akabwereza zosiyana ndi zimene mumatanthauza, vuto lili ndi mawu anu, osati makutu awo.

Chachitatu, musamangotengeka ndi mphepo iliyonse. Dandaulo la munthu mmodzi lingakhale la iye yekha, koma anthu asanu osadziwana akanena chinthu chimodzimodzi, pamenepo pali nkhani. Lembani zimene mwamva m'kabuku, ndipo pakatha mwezi muwerenge kuti muone chimene chikubwerezedwa.

Chachinayi, ndipo ichi ndiye chachikulu, musalonjeze chimene simungachikwanitse. Mukanena kuti mpunga wanu ndi Kilombero weniweni, usasakanizidwe ndi wina. Mukanena kuti sikelo yanu ndi yolungama, ikhale yolungama ngakhale wogula ali mwana. Mawu onama amabweretsa kasitomala kamodzi kokha, ndipo iye akapita amachenjeza khumi.

Pa chipata cha Mchinji, kumene kuyambira m'chaka cha 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi kuti apaulendo asamaime kawiri, pamadutsa amalonda ambiri tsiku lililonse. Wogula wa ku Chipata sakudziwani, sadziwa mudzi wanu, ndipo alibe nthawi yomvera nkhani yaitali. Chimene adzakumbukira ndi mawu ochepa aja, ngati katundu wanu wawachitira umboni.

Tsono sabata ino, musanapite kukapikula katundu wina, pezani makasitomala anu asanu ndipo muwafunse chifukwa chimene amagulira kwa inu. Mukatero tsekani pakamwa, mutsegule makutu.