Kujambula pulani ya nyumba pa kompyuta

Mawu oyamba

Ambiri mwa inu mumaphunzitsa masamu, luso lojambula zomangamanga kapena phunziro la makompyuta, ndipo ophunzira amakufunsani kuti, "Aphunzitsi, kodi pulani ya nyumba amaijambula bwanji pa kompyuta?" Enanso muli ndi puloti ndipo mukulingalira zomanga kanyumba kodzakhalamo mukapuma pa ntchito. Phunziro lino lalembedwera nonsenu.

Mfundo yake yaikulu ndi imodzi. Pulani ndi kalata yopita kwa mmisiri. Kompyuta imathandiza kulemba kalatayo mwaukhondo ndi mwachangu, koma imalemba zokhazo zimene mwailamula. Mukaipatsa muyeso wolakwika, iujambula mokongola, mmisiri aumanga, ndipo vuto lidzaoneka simenti itauma kale, ndalama zitapita.

Zolinga

Pomaliza pa phunziro lino, muyenera:

- kutchula zojambula zimene zimapezeka mu pulani ya nyumba
- kusiyanitsa mitundu ya mapulogalamu ojambulira nyumba
- kufotokoza ndondomeko yojambulira chipinda ndi miyeso yolondola
- kusindikiza pulani popanda kusokoneza sikelo
- kutchula zinthu zimene pulogalamu singakuchitireni

Zimene zimapezeka mu pulani

Anthu akati "pulani" amaganiza za pepala limodzi, pamene mmisiri amafuna zojambula zingapo. Choyamba ndi pulani ya malo, yoonetsa malire a puloti, msewu, pamene nyumba ikhale ndi kumene kuli kumpoto. Kawirikawiri imajambulidwa pa sikelo ya 1:200 kapena 1:500. Chachiwiri ndi pulani ya pansi. Tayerekezani kuti mwadula nyumba mopingasa pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, mwachotsa chapamwamba, ndipo mukusuzumira muli m'mwamba. Mukuona makoma, makomo, mazenera ndi zipinda. Iyi imakhala pa 1:100 kapena 1:50.

Chachitatu ndi maonekedwe a nyumba kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, amene amisiri amawatcha elevation. Chachinayi ndi section, ndiko kudula nyumba choimirira kuyambira padenga mpaka m'maziko kuti muone kuya kwa maziko, kutalika kwa khoma ndi mmene denga lakhalira. Pomaliza pali tizojambula tokulitsidwa, pa 1:20 kapena 1:10, toonetsa malo ovuta monga pamene denga lagwirana ndi khoma.

Wophunzira amene sanamvetse zojambula zisanuzi pa pepala, kompyuta simuthandiza. Yambani ndi pensulo, rula ndi tepi.

Mitundu ya mapulogalamu

Kujambula mothandizidwa ndi kompyuta kumatchedwa CAD. Mu 1963, Ivan Sutherland wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America anaonetsa pulogalamu yotchedwa Sketchpad, imene munthu ankajambula nayo mizere pa sikirini. Mu 1982 kampani ya Autodesk inatulutsa AutoCAD, yomwe inkagwira ntchito pa makompyuta a padesiki, ndipo pang'onopang'ono matebulo ojambulirapo anayamba kuchepa m'maofesi. Lero mapulogalamu alipo ambiri, koma tingawaike m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi lojambula mizere, monga AutoCAD ndi LibreCAD. Apa kompyuta ili ngati tebulo lojambulirapo basi. Mukajambula mizere iwiri yoyandikana, inu mukudziwa kuti ndi khoma, koma kompyuta ikuona mizere iwiri.

Gulu lachiwiri ndi loumba chithunzi cha nyumba chimene mungachitembenuze n'kuchiona mbali zonse. SketchUp, imene inatuluka mu 2000, inagulidwa ndi Google mu 2006 kenaka ndi Trimble mu 2012, ili m'gulu ili. Sweet Home 3D ilinso momwemu.

Gulu lachitatu ndi limene limadziwa kuti ili ndi khoma, ichi ndi chitseko, ili ndi denga. Zitsanzo ndi Revit ndi ArchiCAD. Mukasuntha zenera pa pulani ya pansi, limasunthanso lokha pa elevation ndi pa section. Njira imeneyi imatchedwa BIM. Mapulogalamu ake ndi okwera mtengo ndipo amafuna kompyuta yamphamvu.

Nanga pa sukulu musankhe iti? Yambani ndi yaulere imene imagwira ntchito popanda intaneti. Sweet Home 3D ndi yabwino kwa oyamba kumene chifukwa wophunzira akajambula khoma amaliona likuimirira nthawi yomweyo, ngakhale kuti inapangidwira kukonza zipinda ndi kuikamo mipando, osati zojambula zonse zimene khonsolo imafuna. LibreCAD imaphunzitsa mwambo wa mizere ndi miyeso, ndipo mafayilo ake a DXF amatsekuka mu AutoCAD. Wodziwa imodzi savutika kuphunzira inzake.

Ndondomeko yojambulira

*1. Sankhani muyeso.* Musanajambule kalikonse, onetsetsani kuti pulogalamu yaikidwa pa mamilimita. Mapulogalamu ena, makamaka ochokera ku America, amatha kutsekuka ali pa mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye mukalemba 3600 kompyuta ili pa mainchi, mwajambula khoma lotalika mamita opitirira 91.

*2. Jambulani kukula kwenikweni.* Apa ndi pamene ozolowera pepala amasokonezeka. Pa pepala mumayamba mwachepetsa miyeso yonse kuti ikwane. Pa kompyuta simuchepetsa kanthu. Khoma la mamilimita 3,600 mumalilemba 3600. Sikelo imabwera pa nthawi yosindikiza.

*3. Lembani manambala, musadalire maso.* Kukoka mzere ndi mausi mpaka uoneke ngati wakwana ndi chizolowezi choipa. Lembani utali wake pa kiyibodi. Gwiritsaninso ntchito snap, chida chimene chimagwiritsa mzere pa nsonga yeniyeni ya unzake. Mizere ikhoza kuoneka yolumikizana pamene pali kampata ka mamilimita angapo, ndipo kampatako kamasokoneza kuwerengera kukula kwa chipinda.

*4. Lipatseni khoma kunenepa kwake.* Pa mapulani ambiri m'chigawo chathu, khoma lakunja la njerwa limaonetsedwa ngati la mamilimita 230 ndipo lamkati 115. Mabuloko a simenti ali ndi miyeso yawoyawo, ndipo njerwa zoumba kumudzi zimasiyana malinga ndi chikombole. Yezani zimene zidzagwiritsidwe ntchito.

Taonani chitsanzo ichi. Mwini nyumba akufuna chipinda chogona cha mamita 3.6 mulitali ndi mamita 3 mulifupi, mkati mwake. Makoma onse anayi akakhala a 230, kunja chiyenera kukhala 4,060 ndi 3,460. Wojambula akaiwala zimenezi n'kuika 3,600 ndi 3,000 ngati miyeso yakunja, mkati mutsala 3,140 ndi 2,540. Chipinda chimene chimayenera kukhala masikweya mita 10.8 chatsika kufika pafupifupi 8. Bedi lilowa, koma wadiropu isowa poima. Kukonza zimenezi pa sikirini ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Kukonza khoma litafika pa lintel ndi kugwetsa njerwa ndi kugulanso matumba a simenti.

*5. Gawani zinthu m'ma layer.* Layer ili ngati pepala loonekera limene mwaliyala pamwamba pa linzake. Makoma akhale pa layer yawo, zitseko ndi mazenera pa ina, miyeso pa ina, mapaipi ndi magetsi pa inanso. Potero mungathe kubisa mipando posindikiza pepala la womanga maziko, amene alibe nayo ntchito.

*6. Ikani zitseko ndi mazenera.* Onetsani mbali imene chitseko chimatsekukira, kuti chisakagunde chinzake kapena chimbudzi. Za kukula kwa zenera, malamulo a zomangamanga a ku South Africa otchedwa SANS 10400 ndi chitsanzo chabwino chophunzitsira. Amati malo olowetsa kuwala asachepere magawo 10 pa 100 a kukula kwa pansi pa chipinda, ndipo mbali yotsekuka yolowetsa mpweya isachepere magawo 5 pa 100. Chipinda chathu cha 10.8 chija chifunika zenera losachepera sikweya mita 1.08, ndipo 0.54 ikhale yotsekuka. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, choncho funsani ku khonsolo ya kwanu.

*7. Onetsani kumpoto.* Ife tili kummwera kwa equator. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kumpoto limafunditsa chipinda. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda kukhala ng'anjo masana a mu Okutobala. Mapulogalamu ena amaonetsa mthunzi wa nyumba, koma mukapanda kuwauza dera limene muli, akhoza kukuonetsani mthunzi wa ku Ulaya kapena ku America, umene pa nthawi imeneyo umagwera mbali ina.

*8. Lembani miyeso ndi mayina.* Chipinda chilichonse chikhale ndi dzina ndi miyeso yake. Pakona ya pepala pakhale bokosi losonyeza mwini nyumba, nambala ya puloti, wojambula, sikelo ndi tsiku. Mukasintha pulani, sinthaninso tsiku, apo ayi mmisiri amangira pepala lakale.

*9. Sungani ntchito pafupipafupi.* Magetsi sachenjeza akamazima. Zolowerani kudina Ctrl ndi S mukangomaliza gawo lililonse, ndipo sungani fayilo ina pa fulashi.

Ntchito 1

Yezani chipinda chimodzi cha nyumba imene mukukhala. Lembani miyeso ya mkati, kunenepa kwa makoma, ndi kukula kwa chitseko ndi mazenera. Jambulani pa pepala pa sikelo ya 1:50, kenaka pa kompyuta. Kodi mazenera ake akukwana magawo 10 pa 100 aja?

Kusindikiza

Pa sikelo ya 1:100, milimita imodzi pa pepala ikuimira mamilimita 100 pa nthaka. Khoma la 4,060 lija lidzakhala mamilimita 40.6 pa pepala. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 ndi 297, la A3 ndi 297 ndi 420, pamene la A1 ndi 594 ndi 841. Nyumba yaing'ono imakwana bwino pa A3.

Chenjerani ndi malo osindikizira. Pulani yokonzedwera A3 akaipanikiza kuti ikwane pa A4, imachepa kufika pafupifupi magawo 71 pa 100, ndipo sikelo yeniyeni imakhala pafupifupi 1:141 ngakhale pakona palembedwabe 1:100. Mmisiri akaika rula pa pepala lotere atenga miyeso yabodza. N'chifukwa chake lamulo la amisiri ndi lakuti tsatirani manambala olembedwa, musayeze pepala. Tumizani pulani ngati PDF, uzani wosindikiza kuti asasinthe kukula kwake, ndipo likatuluka yezani khoma limodzi ndi rula kuti mutsimikize.

Zimene pulogalamu singakuchitireni

Chithunzi chokongola pa sikirini chimanyenga. Pulogalamu ikulolani kujambula zenera lalikulu lopanda lintel, kapena denga lopanda chomangirira ku khoma, osadandaula. Siidziwa kuti puloti ili pa dothi la makande limene limafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Siidziwa kumene madzi amadutsa mvula ikagwa yambiri. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009, namondwe Idai amene anasakaza Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi mu 2019, ndi namondwe Freddy mu 2023 zinagwetsa nyumba zambirimbiri. Nyumba imalimba chifukwa cha malo oyenera, maziko abwino, makoma olukana bwino pamakona ndi denga lomangiriridwa. Izi zimafuna munthu wodziwa amene wafika pamalopo n'kuona nthaka.

Palinso malamulo. M'mizinda ndi m'matauni, pulani iyenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ntchito isanayambe. Ku Malawi kuli lamulo la Physical Planning Act la 2016, ku Zambia kuli Urban and Regional Planning Act la 2015, ndipo ku South Africa kuli National Building Regulations and Building Standards Act la 1977. Ku South Africa komweko, wojambulira anthu mapulani amayenera kukhala wolembetsedwa ku bungwe la SACAP. Auzeni ophunzira anu mosabisa kuti kudziwa pulogalamu ndi chiyambi chabe. Wofuna kudyera lusoli apitirize maphunziro ku sukulu ya ntchito zamanja kapena ya ukachenjede. Inunso mukajambula nyumba yanu, kaionetseni kwa katswiri musanakumbe maziko. Kufunsa ndi kudziwa njira.

M'kalasi la makompyuta ochepa

Musadikire kuti aliyense akhale ndi kompyuta yake. Gawani ophunzira m'magulu a anthu anayi: awiri ayeze ndi tepi, wina alembe pa pepala, wina alowetse mu kompyuta, ndipo azisinthana. Onetsetsani kuti atsikana akugwira mausi mofanana ndi anyamata. Akamaliza, atuluke panja ndi zikhomo ndi chingwe akatambasule chipindacho pabwalo, akuwongola makona ndi njira ya 3, 4, 5 imene amisiri amagwiritsa ntchito. Wophunzira akaima m'kati mwa zingwezo n'kuona kuti bedi silikwana, sadzaiwalanso za kunenepa kwa khoma.

Ntchito 2

1. Chipinda ndi cha 4,000 ndi 3,200 mkati, ndipo makoma onse ndi a 230. Pezani miyeso yakunja.
2. Khoma la mamita 9 lidzakhala lotalika bwanji pa pepala pa sikelo ya 1:50?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene pulogalamu singadziwe zokhudza puloti.

Mwachidule

Mu phunziro lino taona kuti pulani ili ndi zojambula zisanu, ndipo mapulogalamu ali m'magulu atatu. Taona kuti pa kompyuta timajambula kukula kwenikweni m'mamilimita, timalemba manambala, timalipatsa khoma kunenepa kwake, ndipo sikelo timaisankha posindikiza. Taonanso kuti za nthaka, kulimba kwa nyumba ndi chilolezo cha khonsolo zimafuna munthu wodziwa. Mayankho a Ntchito 2 muwatumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi pulani imene mwajambula mu Ntchito 1.