Chisanu cha June sichipha batire ku Amaramba

Mwezi wa June ukafika m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, komwe mtsinje wa Lugenda umayambira, dandaulo limakhala lomwelo chaka ndi chaka: getsi la sola likuzima anthu asanagone, njinga yamoto ikukana kulira m'mamawa. Mlandu wonse umagwera chisanu. Komatu chisanu cha kuno sichipha batire. Chimangoulula matenda amene batireyo inali nawo kale.

N'zoona kuti kukazizira, asidi ndi mtovu za m'kati mwa batire zimagwira ntchito mwaulesi. Mphamvu yolembedwa pabatire imayezedwa pa madigiri 20 kapena 25, ndipo pa madigiri 0 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu limasowa. Koma Amaramba ali m'chidikha, sangafanane ndi Lichinga wa kumapiri, choncho kuchepako kuno n'kwapang'ono, ndiponso kukafunda mphamvuyo imabwerera. Vuto lenileni la nyengo yozizira lili pa kutchaja. Batire ya mavoti 12 imene imadzaza ndi mavoti 14.4 kukafunda imafuna pafupifupi 14.8 pa madigiri 10. Controller ya sola (chowongolera kutchaja) yotsika mtengo, yosayeza kutentha, sidziwa zimenezi. Tikawonjezerapo masiku afupi ndi mitambo ya nyengoyi, batire imagona yosakhuta usiku ndi usiku. Pamenepo timiyala ta sulphate timauma pa mtovu uja, ndipo tikauma kwambiri sitisungunukanso.

Wina anganene kuti zonsezi n'zamabuku, poti mabatire amaferadi mu June, osati mu October. Inde, maliro amachitika mu June, koma nthenda imayamba m'chilimwe. Kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wa batire umafupika ndi theka, madzi ake amauma msanga. Batire yokhala pansi pa malata mu October imaoneka yamphamvu chonsecho ikudyeka m'kati. Tinenenso zoona, ambiri amalumikiza sola ku batire ya galimoto, yomwe inapangidwa kuti ingodzutsa injini, osati kuyatsa wailesi ya kanema mpaka pakati pa usiku.

Musanayambe ulendo wa ku Cuamba kukagula batire ina, pukutani fumbi pa sola, chepetsani zoyatsa m'miyezi yozizira, ndipo batire isamatsike kupitirira mavoti 12.2 ikapuma. Ikafuna madzi, thirani madzi a batire okhaokha, osati a m'nyanja.