Chuku cha m'Mtedza Chili ndi Mafuko Ache

Mlimi wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja akamenya mtedza napeza wobiriwira m'kati, amangoti wachita chuku. Kwa iye chuku ndi chimodzi. Akatswiri nao anakhala nthawi yaitali akusiyanitsa tinkhungu timeneti ndi maso okha.

Dzina lakuti Aspergillus analipereka ndi Micheli, wansembe wa ku Italy, m'chaka cha 1729, poona kuti kamutu ka nkhunguyo kakunga chowazira madzi odalitsa m'tchalitchi. Mtundu wa Aspergillus flavus unalembedwa m'mabuku mu 1809, koma kuopsa kwache kunadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo ngati 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Ululu umene unazipha ndiwo aflatoxin, umene umaononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa, ndipo sutha ngakhale mtedza ukazingidwe.

Tsono bvuto nali: tinkhungu tiwiri tingafanane ndithu pa maonekedwe, koma kena kali ndi ululu wambiri, kanzache kalibe konse. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anafa atadya chimanga cha chuku, ndipo ofufuza anapeza kuti munali nkhungu ya timbulu tating'ono, yaukali kopambana. Powerenga DNA, ndiye kuti malembo a chibadwa chache, kwaoneka kuti nkhungu za timbulu tating'onozi si pfuko limodzi ai. Zina zinapatsidwa maina aoao, monga Aspergillus minisclerotigenes mu 2008 ndi Aspergillus aflatoxiformans mu 2019. Chodabwitsa nchakuti Aspergillus oryzae, imene anthu a ku Japan amafungira zakudya, ndi mbale weniweni wa flavus.

Nkhaniyi ikhudza Machinga ndi Balaka chifukwa nkhunguyi imakonda malo otentha, makamaka mvula ikadula mtedza ukukhwima m'nthaka. Chigwa cha Shire, cha ku Liwonde ndi Phalula, nchotero.

Phindu la kusanthula mafukoku laoneka pa Aflasafe. Bungwe la IITA, pamodzi ndi akatswiri a zaulimi a Boma, linatola nkhungu za m'minda ya m'Malawi momwe muno, nilisankha zimene chibadwa chao chili chopereŵera pa mbali yopanga ululu. Zimenezo amazipaka pa mapira ophedwa kuti asamere, naika utoto wa buluu. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbeu zisanachite maluwa, ndipo nkhungu yofatsayo imalanda malo yaukali isanafike. Popanda DNA nchito imeneyi ikadakhala yolotera, pakuti ndani akadalimba mtima kufesa nkhungu m'munda mwa munthu asanaidziwe pfuko lache?

Komabe mtedza wonyowetsedwa kuti usabvute kumenya, monga achitira ena pofulumirira msika, udzachita chuku ndithu, ndipo mbeu zofota zimene zimatsala posankha ndizo kawirikawiri zimasinjidwa kukhala nsinjiro za m'phala la ana.